Mafunso Anu: Cheke Chosalembedwa, Ndalama za Mabuku ndi Mlamu wa Wapampando

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa anthu amene ali m'mabungwe othandiza anthu. Ndakondwa nawo, chifukwa ntchito yosunga ndi kufufuza mabuku a ndalama a mabungwe otere ndaigwira zaka zoposa 20, ndipo ndikudziwa kuti mafunso awa anthu amaopa kuwafunsa pamsonkhano. Ndasankhapo asanu. Mayina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

Funso loyamba

Bambo, ndine msungichuma wa bungwe losamalira ana amasiye. Anandisankha chaka chatha ndipo ndimagwira mongodzipereka. Amene anayambitsa bungweli ndi mayi wamtima wabwino kwambiri. Iwo omwewo ndiwo mkulu wa ofesi, ndiwonso wapampando wa bodi. Popeza ndimakhala kutali ndi ofesi, amandibweretsera macheke asanu kapena khumi osalembedwa kuti ndisainiretu. Ndikafunsa malisiti amati, "Kodi simundikhulupirira? Bungweli ndinaliyamba ndekha ndi ndalama za m'thumba mwanga." Sindikuwaganizira zoipa, koma mtima wanga sukukhazikika. Nditani?
Msungichuma wosowa mtendere

Achimwene, cheke chosalembedwa musasainirenso, ngakhale chimodzi. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa zina zonse zingathe kudikira msonkhano, koma ichi ayi.

Ndikuuzeni zomwe zinandionekera. Kale ndinali msungichuma wa bungwe lina lomwe sinditchula dzina. Tsiku lina mkulu wa ofesi anandipeza pamsewu ali pachangu, akuti ogwira ntchito akudikira mafuta a galimoto. Ndinasainira macheke atatu osalembedwa, nditatsamira pabonati ya galimoto yakeyo. Patapita chaka kunabwera odita, wofufuza mabuku a ndalama, mayi wolankhula motsitsa, wovala magalasi. Anayala mapepala ochokera kubanki patebulo, naika chala pa cheke chimodzi mwa atatu aja. Siginecha inali yanga. Anangofunsa kuti, "Ndalama izi zinagula chiyani?" Panalibe vocha yofotokoza malipirowo, panalibe lisiti, ndipo mkulu uja anali atasiya ntchito. Mwina zinaguladi mafuta, mpaka lero palibe amene anatsimikiza kuti zinabedwa. Koma ine ndinalibe choonetsa. Opereka thandizo anaimitsa ndalama za gawo lotsatira kufikira nkhani itamveka bwino, ndipo kwa miyezi inayi anthu amene tinkawathandiza sanalandire kanthu. Chimandipweteka ndi chimenecho, kuti anavutika ndi anthu amene cheke chija sanachione n'komwe.

Banki ikamafuna anthu awiri osainira, cholinga chake n'chakuti munthu wachiwiri aone ndalama ikupita kwa yani, ndi yochuluka bwanji, ndipo yagula chiyani. Mukasainiratu pepala lopanda kanthu, maso anu mwawachotsapo koma dzina lanu latsala. Tsiku la mlandu adzafunsa inu.

Tsopano za mayi woyambitsayo. Ndikukhulupirira kuti ndi munthu wabwino monga mwanenera. Anthu oyambitsa mabungwe ambiri amakhala otero: anagona ndi njala kuti ntchito iyambe, anapempha paliponse, ena ankawaseka. Koma pali chinthu chimodzi chimene chimawavuta kumeza. Bungwe lothandiza anthu likalembetsedwa, silikhala ndi mwini wake. Si sitolo, si munda wa banja. Ndalama iliyonse yolowa mu akaunti ndi ya cholinga chimene chinalembedwa m'malamulo a bungwe, kwa inu ndiye kuti ndi ya ana amasiyewo. A bodi, amene ena amawatcha matrasti, amangosungira. Ngakhale ndalama imene mayiyo anaika ya m'thumba mwawo, ikalowa iyenera kulembedwa kuti ndi mphatso kapena ngongole. Ngati ndi ngongole, pakhale kalata yogwirizana yomwe bodi yavomereza. Apo ayi tsiku lina adzatapa ndalama n'kunena kuti akudzibwezera, ndipo sipadzakhala wodziwa ngati yakwana kapena yapitirira.

Vuto lalikulu m'kalata yanu si machekewo ayi, koma mipando iwiri ya munthu mmodzi. Ntchito ya bodi ndi kulemba mkulu wa ofesi, kumuikira malipiro, kumufunsa momwe wayendetsera ndalama, ndipo zikavuta kumuchotsa. Nanga mkulu wa ofesiyo akakhalanso wapampando, adzifunsa yekha? Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Munthu sangaitanitse msonkhano wokambirana za iye mwini, n'kuutsogolera yekha, ena n'kulankhula momasuka.

Chitani motere. Pezani malamulo a bungwe lanu, muwerenge ndime ya ntchito za msungichuma, ya osainira kubanki ndi ya nthawi yomwe munthu angakhale pampando. Mudzadabwa kuti zambiri zomwe mukufuna zinalembedwa kale, kungoti palibe amazitsata. Kenako lemberani mlembi wa bodi kalata yaifupi yopempha kuti nkhani ya kayendetsedwe ka ndalama ikhale pa mndandanda wa msonkhano wotsatira. Musakambe za munthu, kambani za dongosolo. Pemphani kuti osainira akhale atatu ndipo awiri aliwonse azisainira, kuti cheke chizibwera ndi vocha ndi invoisi zomatidwa kumbuyo, komanso kuti sitetimenti ya kubanki izibwera kwa inu mwachindunji mwezi uliwonse, osadzera m'manja mwa amene amalipira. Mtunda usakhale chifukwa. Mabanki ambiri masiku ano ali ndi njira ya pa intaneti yoti mmodzi alowetse malipiro, wina avomereze pafoni ali kwawo ataona mapepala.

Kwa mayiwo lankhulani nawo panokha msonkhano usanafike, asadzamve ngati mwawatchera msampha. Auzeni zoona: malisiti amenewa adzateteza iwo kuposa wina aliyense. Tsiku limene wina adzayambe kunong'ona kuti mayi aja akudya ndalama za ana amasiye, ndipo tsikulo limafika m'bungwe lililonse, mtima wabwino sadzatha kuuyala patebulo. Chomwe angayale ndi fayilo.

Akakana zonsezi, bodi nayo n'kukhala chete, tulani pansi udindo polemba kalata yofotokoza chifukwa, musunge kope lanu, ndipo muonetsetse kuti banki yachotsa dzina lanu pa osainira. Dziwani kuti kuchoka sikufafaniza zomwe munasainira kale, choncho musanachoke pemphani kuona komwe macheke akale aja anapita.

Funso lachiwiri

Bambo, ndimasunga mabuku a ndalama pabungwe lothandiza sukulu. Tinalandira thandizo logulira mabuku ndi madesiki. Koma ife ogwira ntchito sitinalandire malipiro miyezi iwiri chifukwa madona ena, opereka thandizo, achedwa kutumiza. Abwana akuti titapeko pa ndalama za mabuku, tidzabweza zinazo zikafika. Inenso ndili ndi ana ofunika fizi. Kodi kubwereka kotere n'kulakwa?
Mayi wa ku akaunti

Mayi, kalata yanu yandikhudza, chifukwa kugwira ntchito miyezi iwiri osalandira kanthu uku ukuona ndalama zili mu akaunti ndi mayeso aakulu. Komabe yankho ndi lakuti popanda chilolezo cholembedwa cha amene anapereka ndalamayo, simungaikhudze.

Ndalama za bungwe zili mitundu iwiri. Pali zomwe munthu amapereka n'kunena kuti gwiritsani ntchito pomwe pakufunika. Izi bodi ikhoza kulipirira malipiro, lendi kapena magetsi. Ndiye pali zomangidwa, zomwe woperekayo ananena ntchito yake: mabuku, mjigo, mankhwala. Zimenezi munazilandira ndi lonjezo, ndipo kawirikawiri munasainirana mgwirizano. Kuzipatutsa ndi kuphwanya lonjezolo. Wopereka angathe kuitanitsa ndalama yake yonse, ndipo m'mayiko ambiri a bodi amene analola angauzidwe kubweza kuchokera m'matumba mwawo.

Mawu akuti "tidzabweza" ndawamva kambirimbiri. Chomwe chimachitika n'chakuti ndalama yodikiridwayo imachedwanso, kapena imabwera yochepa, kapena nayonso imabwera yomangidwa. Nthawi ya lipoti ikakwana, mabuku sanagulidwe, ndipo wina amayamba kufunafuna lisiti yabodza. Apo ndiye kubwereka kwasanduka chinyengo, ndipo amene walemba manambala abodzawo ndinu, osati abwana.

Njira ilipo, ndipo anthu amaiopa pachabe. Abwana adziwitse wapampando ndi msungichuma lero lomwe, bodi ikumane mwadzidzidzi. Kenako alembere amene anapereka ndalama za mabuku, afotokoze mmene zinthu zilili, apemphe chilolezo chosuntha gawo lina kapena kubwereka kwa masiku owerengeka. Ena amalola, ena amakana. Koma sindinaonepo wopereka thandizo amene anakwiya chifukwa chouzidwa zoona nthawi ilipo monga amakwiyira akazitulukira yekha. Alemberenso amene achedwawo, awauze kuti anthu sakulandira malipiro. Nthawi zina chochedwetsa chimakhala lipoti lanu lomwe lomwe silinatumizidwe.

Muzu wa vutoli ndi kusowa ndalama yapadera yosungira tsiku la mavuto. Alangizi ambiri amati bungwe liziyesetsa kusunga ndalama yosamangidwa yokwana kuyendetsera ntchito miyezi itatu kapena kuposerapo. Si nkhani ya mabungwe ang'onoang'ono okha. Ku London kunali bungwe lotchuka lothandiza ana lotchedwa Kids Company, lomwe Camila Batmanghelidjh anayambitsa mu 1996. Linkalandira ndalama zambiri, ngakhale za boma, koma pafupifupi yonse inkatha ikangolowa. Mu Ogasiti 2015 linatsekedwa patangopita masiku ochepa chilandirireni mapaundi 3 miliyoni kuchokera ku boma la Britain. Mu 2021 khoti lalikulu linakana pempho loti a bodi ake aletsedwe kuyendetsa makampani, ndipo silinawapeze kuti anali anthu osaona mtima. Koma chigamulocho chinabwera ana aja atataya kale malo awo othawirako. Anthu okhulupirika akhoza kugwetsa bungwe ngati nkhokwe ili mbee.

Polemba bajeti yopempha thandizo, muziikamo gawo la malipiro ndi zoyendetsera ofesi poyera. Mabuku sadzinyamula okha kupita kusukulu. Ambiri amabisa zimenezi poopa kuti akanidwa, kenako n'kumavutika ngati mmene mukuvutikiramu.

Funso lachitatu

Bambo, bungwe lathu likufuna kumanga chipinda chophunzirira. Mlamu wa wapampando wathu ndi mmisiri, ndipo mtengo wake ndi wotsika kuposa ena. Ena m'bodi akuti n'katangale, ena akuti tisataye mwayi. Olondola ndani?
Membala wa bodi

Chibale pachokha si mlandu, mlandu ndi kuchibisa kapena kuchilola kuti chisankhe. Wapampando anene yekha pamsonkhano kuti mmisiriyo ndi mlamu wake, mlembi alembe zimenezo m'maminitsi, kenako atuluke m'chipinda. Ndikunena kutuluka kwenikweni, chitseko chitsekedwe, chifukwa kukhala chete uli pampando pomwepo anthu amayang'anabe nkhope yako asanakweze mkono. Otsalawo ayerekeze makotesheni, ndiye kuti mitengo yolembedwa ya amisiri, osachepera atatu, afunse ntchito zomwe mmisiri aliyense anamangapo, asankhe, ndipo chifukwa chosankhira chilembedwe. Mlamuyo akapambana, wapampando asasainire cheke chake, asakhalenso woyendera ntchito n'kunena kuti yatha bwino. Onaninso malamulo a bungwe lanu ndi mgwirizano wa opereka ndalama, chifukwa ena amaletseratu kupereka ntchito kwa achibale a anthu a m'bodi. Ngati aletsa, nkhani yathera pomwepo ngakhale mtengo utsike chotani.

Ndiwonjezere kamodzi: mtengo wotsika kwambiri muziuyang'ana kawiri. Khoma likadzang'ambika, kodi bodi yanu idzalimba mtima kutengera mlamu wa wapampando kukhoti?

Funso lachinayi

Bambo, tinalembetsa bungwe lathu zaka zinayi zapitazo ndipo satifiketi ili pakhoma. Ntchito tikugwira ndithu, koma sitinatumizepo lipoti lililonse ku boma. Mnzanga wandiopseza kuti akhoza kutitseka. Zoona?
Mlembi

Mnzanuyo wakutsinani khutu, muthokozeni. Satifiketi ndi chiyambi chabe. Pafupifupi dziko lililonse limafuna kuti bungwe lolembetsedwa lizinena chaka ndi chaka kuti lalandira zingati, lagwiritsa ntchito bwanji, ndipo akuliyendetsa ndani. Kusiyana kuli pa nthawi ndi chilango. Ku England ndi Wales, lipoti limayenera kufika ku Charity Commission, ofesi yoyang'anira mabungwe achifundo, pasanathe miyezi 10 chaka cha ndalama chitatha, ndipo aliyense akhoza kuona pa intaneti kuti bungwe lakuti lachedwa. Ku South Africa lamulo la 1997 limapereka miyezi 9. Ku United States bungwe likalephera kutumiza lipoti zaka zitatu zotsatizana limataya mwayi wosakhoma msonkho, ndipo mu 2011 mabungwe pafupifupi 275,000 anautaya motero. Ku Malawi lamulo la mabungwe omwe si a boma la 2001, lomwe linakonzedwanso mu 2022, limapatsa NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe otere, udindo wolembetsa mabungwe ndi kulandira malipoti awo a pachaka.

Musadikire kalata yokuitanani. Pitani nokha ku ofesi yomwe inakulembetsani, munene kuti mwatsalira ndipo mukufuna kukonza, akuuzeni mafomu, chindapusa ngati chilipo, komanso ngati mabuku anu akufunika odita. Musanapite sonkhanitsani masitetimenti a kubanki a zaka zonse zinayi, malisiti omwe alipo, maminitsi ndi mayina a bodi ya panopa. Pomwe mapepala anasowa, nenani kuti anasowa. Musapeke maminitsi a misonkhano yomwe sinachitike, chifukwa kuchedwa kumakonzeka koma chikalata chabodza ndi mlandu wina.

Pali chinanso chomwe mabungwe ambiri amaiwala. Kukhala bungwe lachifundo sikukuchotserani udindo wa olemba anthu ntchito. Ngati muli ndi antchito olipidwa, msonkho wodulidwa pa malipiro awo ndi ndalama za penshoni, komwe lamulo likufuna, ziyenera kupita komwe zikuyenera pa nthawi yake. Ndalama imeneyo si yanu yoti muzungulitse. Mukamaliza zonsezi, lembani masiku a malipoti onse papepala limodzi, mulimate pafupi ndi satifiketi ija, ndipo dzina la munthu mmodzi lilembedwe pambali pa tsiku lililonse.

Funso lachisanu

Bambo, ndimadzipereka pamalo osamalira atsikana. Mtsikana wina wa zaka 14 wandiuza akulira kuti mmodzi mwa ogwira ntchito amamugwiragwira ndi kumuopseza kuti akaulula amuchotsa pa thandizo la sukulu. Nditauza abwana anati ndikhale chete, akambirana naye bamboyo mwakachetechete, chifukwa nkhani ikamveka madona athawa. Ndikulephera kugona.
Mlongo wanu

Mlongo wanga, kalata yanu ndinaiyankha kale mwachindunji tsiku lomwe inafika, chifukwa sikanadikira magazini. Ndaiikanso pano, nditachotsa zonse zokuzindikiritsani, chifukwa ndikudziwa kuti simuli nokha.

Mwanayo ndiye woyamba. Dzina la bungwe, ntchito ya abwana, ndalama za madona, zonsezo zibwere pambuyo. Zomwe wakuuzani ndi mlandu wa apolisi, si nkhani yokambirana muofesi. Lembani mawu ake monga anawanenera, tsiku ndi nthawi, osawonjezera maganizo anu. Musamufunse mobwerezabwereza, musamukumanitse ndi bamboyo, ndipo musamulonjeze kuti simuuza wina aliyense. Muuzeni kuti wachita bwino kulankhula, kuti si wolakwa, ndipo muuza okhawo amene angamuteteze. Kanenereni kwa apolisi kapena ku ofesi ya boma yoona za chitetezo cha ana. Simufunika chilolezo cha abwana kuti muchite zimenezi, simufunikanso kukhala ndi umboni wokwanira. Kufufuza ndi ntchito ya iwowo.

Dziwitsaninso wapampando wa bodi polemba, chifukwa bodi ndiyo ili ndi udindo pa chitetezo cha aliyense amene bungwe likumuthandiza. Bodi iyenera kuchotsa bamboyo pafupi ndi ana pomwe nkhani ikufufuzidwa. Kumeneko si kumuweruza, iyenso ali ndi ufulu womvedwa, koma ana sangadikire ali naye limodzi. Bodi ifunsenso chifukwa chimene abwana anasankhira kubisa.

Mantha a abwana anu ndi omwe anagwetsa ena akuluakulu kuposa inu. Chivomezi cha 2010 chitachitika ku Haiti, ena mwa ogwira ntchito a bungwe lalikulu lothandiza anthu la Oxfam kumeneko anapezeka kuti ankalipira akazi kuti agone nawo. Bungwelo linafufuza mu 2011, ena linawachotsa, ena linawalola kusiya okha ntchito, koma silinanene poyera zonse. Nyuzipepala ya The Times itaulula mu Febuluwale 2018, wachiwiri kwa mkulu wa bungwelo anatula pansi udindo, anthu zikwizikwi anasiya kupereka, ndipo boma la Haiti linaletsa nthambi ya ku Britain kugwira ntchito m'dzikolo. Chinakwiyitsa anthu kwambiri chinali kubisako. Ndipo munthu akaloledwa kuchoka mwakachetechete, amakalembedwa ntchito kwina komwe kulinso ana.

Mwina akusalani, mwina akuuzani kuti musabwerenso. Sungani kope la chilichonse chomwe mwalemba ndi tsiku lomwe munapereka, kunja kwa ofesi. Pezani munthu wamkulu mmodzi wodalirika woti apite nanu kukanena, musayende nokha. Mukabwerako funsani kuti mtsikanayo agona kuti usiku umenewo, ndani amuperekeza kuchipatala ngati pakufunika, ndipo thandizo lake la sukulu lisaimitsidwe. Ndikuyembekeza kumva kuchokera kwa inu sabata ino.